PHUNZIRO 31: MITUNDU INAYI YA MABUKU

Anzathu ophunzira, tsopano tikudziwa zilembo zonse. Tikutha kulemba maina athu. Tikutha kuwerenga kalata, mtengo wa feteleza ndi mawu a pa botolo la mankhwala. Imeneyi ndi ntchito yaikulu. Koma khasu losalimira limachita dzimbiri. Munthu akaleka kuwerenga maphunziro atatha, zilembo zimayamba kumuthawa. Mankhwala ake ndi kuwerenga masiku onse. Ndipo munthu amawerenga masiku onse akapeza buku lomusangalatsa.

Mabuku alipo amitundumitundu. Anthu ena amaganiza kuti chilichonse chosindikizidwa m'buku n'choona. Ena amati nkhani yopeka ndi bodza, kotero kuiwerenga n'kutaya nthawi. Onsewa akuphonya. Chimanga, mtedza ndi chinangwa zonse ndi mbewu, koma iliyonse ili ndi kalimidwe kake. Mabukunso ndi chimodzimodzi. Mtundu uliwonse uli ndi kawerengedwe kake. M'phunziro lino tiona mitundu inayi.

1. MABUKU A CHIKHULUPIRIRO CHA CHIKHRISTU

Kwa anthu ambiri a kuno, buku loyamba kuligwira m'manja linali Baibulo. M'busa William Percival Johnson anakhala zaka zambiri m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Iye anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja, ndipo linatuluka m'chaka cha 1912. Buku Lopatulika, limene likupezeka m'nyumba zambiri mpaka lero, linatuluka m'chaka cha 1922.

Baibulo ndi mtolo wa mabuku ambiri. Muli mbiri ya mafumu, nyimbo, miyambi ndi makalata. Mulinso mafanizo. Yesu pophunzitsa ankasimba nkhani, monga ija ya mwana amene anamwaza chuma cha atate wake, n'kubwerera kumudzi ali wosauka. Omvera sankafunsa dzina la mwanayo kapena mudzi wa kwawo. Ankafunsa kuti: nkhaniyi ikundiuza chiyani ine?

Buku lina lotchuka analemba ndi John Bunyan wa ku England. Ntchito yake inali yokonza miphika yachitsulo. Anakhala m'ndende ku Bedford zaka 12 chifukwa cholalikira popanda chilolezo cha boma. Buku lake linatuluka m'chaka cha 1678, ndipo m'Chipwitikizi limatchedwa O Peregrino. Limasimba za munthu wa paulendo amene wasenza katundu wolemera kumsana. Panjira akutitimira m'matope, kenaka chimphona chikumutsekera m'ndende. Katunduyo akuimira machimo, ndipo ulendowo ukuimira moyo wa wokhulupirira.

Buku la chikhulupiriro limawerengedwa pang'onopang'ono. Wokhulupirira amawerenga ndime imodzi, n'kuisinkhasinkha tsiku lonse. Amene ali wa chipembedzo china angathe kuliwerenganso kuti adziwe zimene mnansi wake amakhulupirira.

2. NKHANI ZA MAIKO OPEKA

Tonse tinakula ndi nthano. Agogo akamasimba za Kalulu ndi Fisi, palibe mwana amene amati agogo akunama. Tonse tikudziwa kuti kalulu salankhula. Komabe nthanoyo imanena zoona za dyera ndi za nzeru.

Alembi ena analemba nthano zazitali zodzaza buku lonse. Mmodzi mwa iwo ndi J. R. R. Tolkien, amene anabadwira ku Bloemfontein m'chaka cha 1892 n'kukulira ku England. M'chaka cha 1937 anatulutsa buku lotchedwa O Hobbit m'Chipwitikizi. Ndi nkhani ya kamunthu kakafupi kokonda kukhala pakhomo, kamene kananyamuka ulendo wautali kukakumana ndi chinjoka cholavula moto. M'zaka za 1954 ndi 1955 anatulutsa O Senhor dos Anéis. M'menemo muli mphete yopatsa mphamvu zolamulira ena. Aliyense woisunga, mtima wake umaipa. Amene anasenza ntchito yokaiwononga sanali mfumu kapena msilikali wamphamvu. Anali kamunthu kakafupi kochokera kumudzi.

Mnzake wa Tolkien anali C. S. Lewis. Onse awiri ankaphunzitsa ku Oxford, ndipo ankawerengerana mokweza zimene alemba. M'chaka cha 1950 Lewis anatulutsa O Leão, a Feiticeira e o Guarda-Roupa. Ana anayi akulowa m'kabati ya zovala, n'kutulukira m'dziko lotchedwa Narnia. Mmodzi mwa anawo akupereka abale ake kwa mfiti. Mkango wotchedwa Aslan ukuvomera kufa m'malo mwake, ndipo pambuyo pake ukuukanso.

Anthu ena amaopa buku lotere chifukwa muli mfiti. Koma Lewis ndi Tolkien onse anali Akhristu opemphera. Amene amadziwa nkhani ya mtanda aizindikira msanga m'nkhani ya mkangoyo. Powerenga nthano tisafunse kuti Narnia ili kuti. Tifunse kuti mphete ija ndi mkango uja zikuimira chiyani pa moyo wathu.

3. NKHANI ZA OFUFUZA MILANDU

Mlenje akaona mapazi pa dothi, amadziwa nyama imene yadutsa. Amadziwanso ngati yadutsa usiku kapena m'mawa. Nkhani za ofufuza milandu zimayenda chomwecho. Munthu waphedwa kapena katundu wabedwa. Wofufuza akutsata zizindikiro zing'onozing'ono mpaka atapeza wolakwa. Nkhanizi n'zopeka, koma mulibe matsenga. Zonse zimadziwika ndi maso, makutu ndi nzeru.

Wofufuza wotchuka kwambiri m'mabuku ndi Sherlock Holmes wa ku London. Anamupeka ndi Arthur Conan Doyle, amene anali dokotala, ndipo nkhani yoyamba inatuluka m'chaka cha 1887. Holmes amayang'ana matope a pa nsapato ndi zikhatho za munthu, n'kudziwa kumene wachokera ndi ntchito imene amagwira.

Mayi Agatha Christie analemba mabuku 66 a mtundu umenewu. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankagwira ntchito m'chipatala, m'chipinda chosungiramo mankhwala. Kumeneko anaphunzira za mankhwala akupha. M'buku lawo loyamba, la chaka cha 1920, mayi wina wachuma akufa ndi chiphe. Wofufuza mlanduwo ndi Hercule Poirot, munthu wa ku Belgium amene anathawa nkhondo kwawo.

Palinso Bambo Brown, wansembe wa Katolika amene anamupeka ndi G. K. Chesterton. Buku loyamba la nkhani zake linatuluka m'chaka cha 1911. Bambo Brown amaoneka ngati munthu wosachenjera. Koma wamva anthu ambiri akulapa machimo awo, kotero amaudziwa mtima wa munthu.

Kukoma kwa buku lotere ndi mpikisano. Mlembi amabisa yankho, ndipo wowerenga amayesa kulipeza buku lisanathe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musathamangire tsamba lomaliza. Kawirikawiri amene aliyense akumuloza chala poyamba sakhala wolakwayo. Phunziro limeneli n'lofunikanso m'mudzi. Mbuzi ikasowa kapena mwana akadwala, mphekesera si umboni. Anthu osalakwa avutikapo chifukwa cholozedwa chala popanda umboni.

4. MABUKU A MBIRI YA NKHONDO

Mtundu wachinayi ndi wosiyana ndi nthano. Buku la mbiri limalonjeza kunena zimene zinachitikadi. Limatchula chaka, malo ndi maina.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba m'chaka cha 1914 n'kutha m'chaka cha 1918. Inayambira ku Ulaya, koma inafika ndi kuno. Pa 25 Novembala 1917 asilikali a Ajeremani, motsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, anaoloka mtsinje wa Rovuma. Anagonjetsa Apwitikizi pa Negomano. Mu Julaye 1918 anali atafika ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane. Asilikali ambiri a mbali zonse anali anthu akuda. Anthu a m'midzi ankagwidwa kuti akhale amtengatenga, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. M'chaka chomwecho cha 1917 anthu a ku Báruè anaukira Apwitikizi chifukwa cha kugwidwa mokakamizaku.

Lettow-Vorbeck analemba yekha buku la nkhondoyi. Ndi mawu a mkulu wa asilikali, wosimba za maulendo ake ndi za kupambana kwake. M'chaka cha 1976 wolemba mbiri Allen Isaacman anatulutsa buku la mmene anthu a m'chigwa cha Zambezi anakanira ulamuliro wa atsamunda. Iye anawerenga makalata akale a boma la Apwitikizi, ndiponso anamvetsera zimene nkhalamba zinasimba. Nkhondo ndi imodzi, koma mkulu wa asilikali ndi wamtengatenga sanaione mofanana. Tsono pogwira buku la mbiri tifunse mafunso atatu. Analemba ndani? Anali mbali iti? Zimene akunenazo anazidziwa bwanji?

Mbiri ina imalembedwa ndi anthu wamba. Anne Frank anali mtsikana Wachiyuda wa zaka 13 ku Amsterdam. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la Hitler linkasaka Ayuda kuti liwaphe. Anne ndi banja lake anabisala m'zipinda zobisika kuyambira 1942 mpaka 1944. Nthawi yonseyo iye ankalemba za masiku ake m'kabuku. Anagwidwa, ndipo Anne anafera mu msasa wa Bergen-Belsen m'chaka cha 1945. Atate ake okha ndiwo anapulumuka, ndipo anasindikiza zolemba zake m'chaka cha 1947. Lero anthu a m'maiko ambiri amamva za nkhondoyo kuchokera kwa mwana amene ankadziwa kulemba.

MITUNDU INAYI IMAKUMANA

Mitundu inayi imeneyi si midzi yodana. Tolkien anamenya nawo nkhondo ya pa Somme ku France m'chaka cha 1916, ndipo anzake apamtima anafera konko. Lewis anavulazidwa ku France m'chaka cha 1918. Pa nkhondo yachiwiri iye ankalankhula za Chikhristu pa wailesi ya BBC, ndipo analandira m'nyumba mwake ana othawa mabomba. Ana anayi a m'nkhani ya Narnia nawonso ndi othawa mabomba ku London. Amene wawerenga mbiri ya nkhondo amaimvetsa bwino nthanoyo.

Kuno kwathu, Mia Couto wa ku Beira anatulutsa Terra Sonâmbula m'chaka cha 1992. Chimenechi ndi chaka chimene nkhondo yapachiweniweni inatha, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala. M'bukuli mnyamata ndi nkhalamba akubisala m'basi yopsa. Akupeza makope olembedwa ndi munthu wina, ndipo usiku mnyamatayo akumuwerengera mkuluyo. Anthu awiriwa ndi opeka. Nkhondo imene akuithawa inachitikadi. Wowerenga wochenjera amasiyanitsa ziwirizi, ndipo amapindula ndi zonse.

TIWERENGE BWANJI?

Mabuku ambiri amene tatchula ali m'Chipwitikizi. Zimenezi zisatigwetse ulesi. Mutu umodzi susenza denga. Mwana wa sukulu awerenge ndime imodzi mokweza, wina amasulire m'Chinyanja, ndipo onse akambirane. Funsani mabuku kwa mphunzitsi, ku tchalitchi ndi kwa achibale a m'tauni. Buku lobwereka lisungidwe kutali ndi mvula, chiswe ndi moto, ndipo libwezedwe.

Amene wazolowera mtundu umodzi wokha ayese wina. Wokonda Baibulo ayese nthano. Wokonda nthano ayese mbiri. Tsamba limodzi pa tsiku ndi masamba 30 pa mwezi. Musanayambe buku lililonse, dzifunseni kuti ndi la mtundu uti. Mukatero mudziwa choyembekezera, ndipo simunamizidwa.

MAWU ATSOPANO

Mlembi: munthu wolemba mabuku.
Kupeka: kupanga nkhani ya m'mutu imene sinachitike.
Fanizo: nkhani yaifupi yoimira chinthu china.
Umboni: chinthu chotsimikiza kuti nkhani ndi yoona.
Kumasulira: kusintha mawu kuchoka m'chinenero china kupita m'chinzake.

MAFUNSO

1. Tchulani mitundu inayi ya mabuku imene taphunzira.
2. Kodi katundu wa m'buku la John Bunyan akuimira chiyani?
3. Kodi nthano ndi bodza? Fotokozani yankho lanu.
4. Kodi wofufuza milandu amafanana bwanji ndi mlenje?
5. Chinachitika n'chiyani pa Negomano m'chaka cha 1917?
6. Ndi mafunso atatu ati amene tiyenera kufunsa pogwira buku la mbiri?

NTCHITO

1. Lembani m'kope mwanu nthano imodzi imene munamva kwa agogo anu. Ikhale ya mizere khumi.
2. Pitani kwa munthu wachikulire amene ali wokonzeka kusimba za nthawi ya nkhondo. Mupempheni mwaulemu. Lembani zimene anaona ndi maso ake, malo ake ndi chaka chake. Akavomera, dzawerengereni anzanu pa phunziro lotsatira.