Wailesi yatsopano ikavuta m'galimoto, yambani ndi mawaya atatu

Mphwanga atalandira galimoto yake yochokera ku Japan, sanakhale nayo sabata wailesi isanamutopetse. Zolemba zake zinali za Chijapani zokhazokha, ndipo akamasaka masiteshoni inkangofika pa 90 n'kubwerera. Wailesi zambiri za m'magalimoto a ku Japan zimagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pomwe kuno kwathu masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108. Choncho ambiri amatsala kunja. Anagula ina ya Bluetooth ndi USB, naimanga yekha Loweruka masana, ndipo inalira bwino. M'mawa mwake inali itaiwala zonse: masiteshoni, nthawi, ngakhale foni yake. Anandiimbira kuti, “Achimwene, andigulitsa yakufa.” Wailesiyo inalibe vuto lililonse. Mawaya awiri ndiwo anasinthanitsidwa.

Wailesi ya m'galimoto imadya magetsi kudzera m'mawaya atatu, ndipo mavuto ochuluka amachokera pomwepa. Wachikasu umafuna magetsi a batire usiku ndi usana, kiyi ikhalepo kapena isakhalepo, chifukwa ndi umene umasunga zomwe mwatchera. Wofiira umalandira magetsi pokhapokha kiyi ikapotoledwa kufika pa ACC, ndipo ndi umene umauza wailesi kuti idzuke kapena igone. Wakuda ndi ethi, umagwira chitsulo cha galimoto. Mukasinthanitsa wachikasu ndi wofiira, wailesi imalira koma imaiwala nthawi iliyonse mukachotsa kiyi. Ena akatopa amangomanga awiriwo pamodzi pa waya wa magetsi osazima. Kuiwalako kumathadi, koma wailesi sigonanso ndi kiyi, ndipo galimoto ikaima masiku angapo mudzaipeza batire itaphwa, anthu n'kumakankha pageti.

Chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: mitundu imeneyi ndi ya mawaya a wailesi yomwe mwagula. Mawaya otuluka m'dashibodi ali ndi mitundu yawoyawo, Toyota yake, Nissan yake, Honda yakenso. Musalumikize wofiira ku wofiira chifukwa choti akufanana. Yezani. Mita ya magetsi yotchipa imakwanira. Itchereni pa DC 20V, chingwe chake chakuda mugwiritse pa bawuti yopanda penti, chofiira muzikhudza nacho mawaya mmodzimmodzi. Kiyi ili m'thumba, waya womwe ukuwerenga pafupifupi 12 ndi wopita ku wachikasu. Womwe ukuwerenga ziro, koma n'kukwera pa 12 mukapotola kiyi, ndi wopita ku wofiira. Matani kapepala pa uliwonse ndi kulembapo. Mukatha kuyeza, masulani kaye chingwe cha negetivu pa batire, ndiye muyambe kudula ndi kulumikiza.

Pofufuzapo mukaona pulagi yachikasu, kapena mawaya ovekedwa chikuto chachikasu, talikirani. M'magalimoto ambiri amenewo ndi a ma airbag. Musawabaye ndi tesita, musawadule.

Msampha womwe umakola ngakhale ozolowera uli pa ethi. M'dashibodi muli waya wa tinyali towalitsa mabatani usiku. Nyali zikakhala zozima, waya umenewu umaoneka ngati ethi pa mita, chifukwa umadutsa m'mababu n'kukafika ku chitsulo. Munthu amamangapo wakuda, wailesi n'kulira masana onse. Dzuwa likalowa, akangoyatsa nyali, wailesi imazima, kapena fyuzi imapsa n'kuzimitsa nyali zakumbuyo pamodzi ndi za pa dashibodi. Kuyenda usiku mu M1 wopanda nyali zakumbuyo, mathiraki akubwera m'mbuyo mwanu, ndi kuika moyo pachiswe chifukwa cha waya mmodzi. Choncho waya uliwonse womwe mukuuyesa ethi muuyezenso nyali zili zoyaka. Ukawerenga magetsi, ndi wa nyali, ndipo mnzake pa wailesi ndi wa olenji. Ine ndimakonda kusiya zokayikitsa n'kumanga wakudayo pa bawuti ya chitsulo, nditapala penti ndi dzimbiri mpaka patawala.

Wailesi ikangoti zii osayaka n'komwe, onani mafyuzi. Ina ili kumbuyo kwa wailesiyo, kawirikawiri ya 10A, ndipo zina zili m'bokosi la mafyuzi, zolembedwa ACC, RADIO kapena DOME. Yopsa muisinthe ndi ya nambala yomweyo. Ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosendeka womwe ukukhudza chitsulo, ndipo muufune mpaka muupeze. Kukulunga fyuzi ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu n'kuitana moto m'dashibodi.

Tsono pali wailesi yoyaka bwinobwino, zolemba zikuoneka, koma mawu palibe. Masipika ali ndi mawaya asanu ndi atatu, awiriawiri: oyera a kutsogolo kumanzere, otuwa a kutsogolo kumanja, obiriwira a kumbuyo kumanzere, apepo a kumbuyo kumanja. Wokhala ndi mzere wakuda ndi negetivu. Mmodzi yekha mwa amenewa akakhudza chitsulo kapena mnzake, wailesi zambiri zimadziteteza pozimitsa mawu onse, ndipo zina zimalemba PROTECT. Masulani masipika onse, mubwezere imodziimodzi. Yomwe izimitse mawu ndiyo ili ndi shoti, ndipo nthawi zambiri waya umakhala utadyeka m'kalabala ka pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pomwe umapindika chitseko chikamatsegulidwa. Negetivu ya sipika isamangidwe pa chitsulo, komanso manegetivu a masipika awiri asaphatikizidwe.

Kuti mudziwe mawaya a sipika iliyonse, tengani batire ya tochi ya 1.5V, mukhudzitse mawaya awiriwo kwa kamphindi. Sipika yake imati “pho”. Ngati mukuiona, yang'anani pepala lake: likatukumukira kunja, waya womwe uli ku mutu wa batire ndiye pozitivu. Izi zichitike pa mawaya okhawo omwe mita yasonyeza kuti alibe magetsi ndipo mwawatsata kuti ndi a wailesi. Sipika imodzi ikatembenuzidwa nyimbo imamvekabe, koma besi imatha, ng'oma n'kumveka ngati chitini. Mukasunthira mawu mbali imodzi besi n'kubwerera, dziwani kuti vuto ndi lomwelo.

Waya wabuluu anthu amangoupinda n'kuusiya, kenako n'kumadandaula kuti wailesi yatsopano sikoka ngati yakale. Magalimoto ambiri, makamaka a eriyo yomatidwa pa galasi, ali ndi kachipangizo kokweza mphamvu ya eriyo, ndipo kamadya magetsi ochokera ku waya wabuluu. Popanda iwo, mukangotuluka m'tauni siteshoni imayamba kusokosera. Wabuluu wa mzere woyera ntchito yake ndi kudzutsa ampulifaya. Pa wailesi zomwe zili ndi onse awiri, mukamanga ampulifaya ku wabuluu wopanda mzere, FM imalira koma mukasinthira ku USB mawu amazima.

Kaphokoso kolira ngati mluzu, komwe kamakwera mukaponda mafuta, kamachokera ku olutaneta. Yambani ndi ethi. Ngati muli ndi ampulifaya, ethi yake ikhale yaifupi, pa chitsulo chowala, ndipo zingwe za RCA zidutse mbali ina ya galimoto, chingwe chachikulu cha magetsi mbali inanso. Chingwe chachikulucho chikhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batire.

Misewu yathu imagwedeza chilichonse chomangidwa mwaulesi. Mawaya ongopotokola n'kukulunga selotepi amamasuka kutentha kwa Okutobala kukasungunula ulimbo wake, ndipo wailesi imayamba kudukiza pa bampu iliyonse. Lumikizani ndi mtovu kapena tizitsulo topana, muveke kachubu kokhwinyata ndi moto. Chabwino koposa n'kugula pulagi yolowa mu ya galimoto yanu kuti musadule kanthu. Waya womwe simunaugwiritse ntchito muutseke kumutu paokha.

Musabweze mapulasitiki a dashibodi musanayese zonse: chotsani kiyi ndi kuibwezera, yatsani nyali, lizani injini, sunthirani mawu ku sipika iliyonse, gwedezani mawaya ndi dzanja nyimbo ikulira. A malole ndi mabasi yezaninso magetsi musanagule wailesi. Ambiri a Canter, Isuzu ndi Coaster amayendera 24V, mabatire awiri olumikizana, pomwe wailesi wamba ndi ya 12V. Pamafunika kachipangizo kotsitsa 24 kufika pa 12. Kuba magetsi pa batire imodzi mwa awiriwo kumailemetsa yokha, ndipo mabatire onse awiri amatha msanga.