Phunziro la Pamsewu: Kukhotera Kumanzere pa Mphambano Muli pa Njinga Yamoto

Ambiri mwa inu ophunzira mumafika pasukulu pano m'mawa mutakwera kabaza wa njinga yamoto. Ena mumabwera ndi makolo pa sikuta, ndipo ena a Fomu 4 mwayamba kale kugwira chiwongolero kunyumba. N'chifukwa chake phunziro la mwezi uno likukhudza malo amodzi pamsewu amene anthu amawapeputsa: pomwe njinga ikukhotera kumanzere pa mphambano.

Woyendetsa aliyense amaopa kukhotera kumanja, poti amadutsa kutsogolo kwa magalimoto obwera. Kumanzere sadutsa njira ya munthu, choncho ambiri amangolowa osayang'ana. Kusaopako n'komwe kumabweretsa ngozi.

Tiyambe ndi mbali yomwe timayendera

Kuno ku Malawi timayenda kumanzere kwa msewu, monganso ku Zambia, Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa. Ku America, France ndi Saudi Arabia amayenda kumanja. Mfundoyi ndi yofunika kwa inu amene mumaonera makanema ophunzitsa kuyendetsa njinga pa YouTube. Munthu wa ku America akamafotokoza za kukhotera kumanzere, amanena kuti usendere pakati pa msewu n'kudikira magalimoto obwera kutsogolo. Malangizo amenewo kwathu kuno ndi a kukhotera kumanja. Mukawatsata pokhotera kumanzere, musiya mpata waukulu kumanzere kwanu, njinga ina ilowamo, ndipo mukakumana nayo pakona.

Zinthu zitatu zoopsa pakona yakumanzere

Choyamba ndi galimoto yaikulu. Thiraki kapena basi ikamakhota, matayala akumbuyo sadutsa momwe adutsa akutsogolo. Amadula pafupi ndi kona, ndipo galimoto ikatalika amadulanso kwambiri. Pofuna kuti ngolo yake isagwere m'ngalande, dalaivala amayamba wapatukira kumanja asanabwerere kumanzere. Apa pamatseguka mpata pakati pa thiraki ndi m'mphepete mwa msewu. Wanjinga akauona amaganiza kuti apatsidwa njira. Akangolowamo, mpatawo umatsekeka: kumanja kuli ngolo, kumanzere kuli ngalande kapena khoma, kothawira kulibe.

Kumbukiraninso kuti magalimoto ambiri kwathu kuno chiwongolero chili kumanja. Ndiye kuti mbali yakumanzere ndi yomwe ili kutali ndi maso a dalaivala, ndipo pali malo ena pafupi ndi chitseko ndi matayala omwe galasi silionetsa. Lamulo lake n'losavuta kuloweza: ngati simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake, iyenso sakukuonani. Malo a njinga ndi kumbuyo kwa thiraki, patali ndithu, mpaka itamaliza kukhota.

Chachiwiri ndi anthu amene ali kumanzere kwanu. M'mphepete mwa msewu ndi momwe mumadutsa njinga zakapalasa zonyamula makala, ana a pulayimale, amayi osenza madengu, ndiponso ndi momwe minibasi imaima mwadzidzidzi kutsitsa anthu. Woyendetsa akafika pa mphambano maso ake onse amathamangira kumanja, komwe kukuchokera magalimoto. Akaona kuti kulibe kanthu amaponda moto, mutu ukadali kumanja, osadziwa kuti mwana wayamba kuwoloka msewu womwe iye akulowamo.

Chachitatu chili pansi. Pakona ndi pomwe mvula imasiya mchenga ndi timiyala, makamaka pomwe msewu wafumbi ukulumikizana ndi waphula. Njinga imagwira pansi ndi kamalo kakang'ono ka tayala lililonse, kosaposa chikhatho cha dzanja. Ikapendekeka pa mchenga, kenako woyendetsa n'kufinya buleki yakutsogolo mwamphamvu, tayala limatsetsereka ndipo njinga imagwa nthawi yomweyo. Sikuta ili ndi vuto lina: matayala ake ndi ang'onoang'ono, choncho dzenje lomwe njinga yaikulu ingalidutse, sikuta imatha kukodwamo.

Masamu ake

Inu amene mukuphunzira sayansi mutha kutsimikiza nokha izi. Liwiro la makilomita 36 pa ola ndi mamita 36,000 pa masekondi 3,600, kutanthauza mamita 10 pa sekondi imodzi. Ndiye ngati mwatenga sekondi imodzi yokha kuti muzindikire zoti kutsogolo kuli munthu, mwayenda kale mamita 10 musanagwire buleki. Kuwonjezera apo, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe njinga imayenda mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Wofika pakona pa makilomita 40 pa ola amafuna malo oimira ochuluka kanayi kuposa wofika pa makilomita 20.

Taonaninso galimoto yochokera kumanja. Ikamathamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi. Ngati ili pa mtunda wa mamita 50, ikupezani pakangotha masekondi 3. Sikuta yonyamula anthu awiri, yomwe yangonyamuka kumene, singafike pa liwiro la galimotoyo m'masekondi 3. Mpata umene ukuoneka waukulu ndi maso umakhala waung'ono ukauwerengera.

Ndondomeko yoyenera kutsata

1. Mukadali patali ndi mphambano, yang'anani pagalasi kuti mudziwe chomwe chili kumbuyo.
2. Yatsani indiketa yakumanzere nthawi ikadalipo, osati mutayamba kale kukhota. Ngati yafa, tambasulani mkono wakumanzere, kenako bwezerani dzanja pachiwongolero musanakhote.
3. Khalani cha kumanzere kwa njira yanu, koma osati m'mphepete penipeni momwe muli mchenga.
4. Chepetsani liwiro njinga ikadali chilili, pogwiritsa ntchito mabuleki onse awiri. Pa sikuta yosasintha magiya, dzanja lamanja ndi la buleki yakutsogolo, lamanzere ndi la yakumbuyo. Ntchito ya mabuleki ithe musanapendeketse njinga.
5. Pa chikwangwani cha STOP imani kwenikweni, phazi pansi. Loboti ikakhala yofiira imani, ngakhale mukukhotera kumanzere ndipo msewu ukuoneka wopanda kanthu.
6. Yang'anani kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanjanso. Musananyamuke, tembenuzani mutu muone paphewa lakumanzere, chifukwa galasi silionetsa njinga yomwe yakuyandikirani m'mbali.
7. Pokhota, maso akhale komwe mukupita, osati pa dzenje lomwe mukuliopa. Njinga imatsata maso a mwini wake.
8. Mukamaliza, zimitsani indiketa. Pa njinga zambiri siyizima yokha ngati ya galimoto. Mukaiiwala, dalaivala amene akudikira pa mphambano yotsatira aganiza kuti mukukhota ndipo atulukira kutsogolo kwanu.

Inu amene mwakwera kumbuyo

Ambiri mwa inu simuyendetsa, koma muli ndi gawo lanu. Valani chisoti ndipo mangani lamba wake pansi pa chibwano, poti chisoti chosamanga chimavuka mutu usanafike pansi. Atsikana, chisoti chimakwana bwinobwino pamwamba pa mpango. Nsonga za mpango, chitenje kapena mkanjo zipindeni n'kuzikhalira kuti zisakodwe mu tcheni kapena m'tayala lakumbuyo. Mapazi akhale pa zopondera nthawi zonse. Njinga ikapendekera kumanzere, thupi lanu litsate woyendetsa. Mukadzikankhira kumanja chifukwa cha mantha, mumaiwongola njinga pakati pa kona ndipo imatulukira kunjira ya magalimoto obwera.

Ndipo muli ndi pakamwa. Wa kabaza akafuna kulowa pambali pa thiraki, lankhulani mwaulemu koma momveka: "Achimwene, tiyeni tidikire thirakiyi idutse kaye." Akakana, tsikani pamalo abwino mukwere ina. Kufika mochedwa m'kalasi kuli ndi chilango chomwe chimatha tsiku lomwelo. Mwendo wopondedwa ndi ngolo subwerera.

Kwa makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti

Makolo, musanagwirizane ndi wa kabaza woti azinyamula mwana wanu tsiku ndi tsiku, muoneni laisensi yake. Laisensi ya njinga yamoto ndi yosiyana ndi ya galimoto, ndipo imaperekedwa ndi a Road Traffic munthu akayesedwa. Onani ngati ali ndi zisoti ziwiri, ngati ma indiketa akuyaka, ndiponso ngati magalasi onse awiri alipo, chifukwa ena amawachotsa. Kwerani naye kamodzi inu eni, muone zomwe amachita akafika pa mphambano. Musalole ana awiri kapena atatu pa njinga imodzi pofuna kupulumutsa ndalama. Njinga yolemedwa imachedwa kuima ndipo imavuta kukhotetsa. Mwana amene alibe laisensi musamutume kumsika pa sikuta, ngakhale atakhala kuti amaitha pabwalo la panyumba.

Akuluakulu a komiti, tikupempha thandizo lanu pa chinthu chimodzi. Lachisanu masana, magalimoto ndi njinga zikaimikidwa pakona penipeni, wotuluka saona chomwe chikubwera ndipo mwana wowoloka amabisika kuseri kwa galimoto. Kupempha anthu kuti aziimika patali ndi kona, komanso kutchetcha udzu womwe umatalika pamenepo m'nyengo yamvula, sikufuna ndalama.

Ntchito ya ophunzira

1. Galimoto ikuthamanga makilomita 54 pa ola. Ikuyenda mamita angati pa sekondi? Ngati ili pa mtunda wa mamita 45, ikufikani patatha masekondi angati?
2. Jambulani mphambano ndi thiraki yomwe ikukhotera kumanzere. Sonyezani njira ya matayala akutsogolo ndi ya akumbuyo, kenako ikani chizindikiro pamalo pomwe njinga iyenera kudikira.
3. Sabata ino, imani patali pa mphambano ya kufupi ndi kwanu kwa mphindi 10. Werengani njinga zomwe zakhotera kumanzere, ndipo lembani kuti ndi oyendetsa angati amene anayang'ana paphewa asanakhote.

Mayankho mupereke kwa aphunzitsi a kalasi yanu, ndipo zomwe mwapeza pa funso lachitatu mukakambirane ndi makolo anu komanso ndi wa kabaza amene amakunyamulani.