Kuthamanga sikufika: kwa inu ofuna kupikisana pa njinga

Chaka chilichonse m'mwezi wa Malichi, anthu zikwizikwi amasonkhana m'bandakucha mumzinda wa Cape Town, aliyense ndi njinga yake, kudzachita nawo mpikisano wa Cape Town Cycle Tour. Mpikisanowu unayamba mu 1978, ndipo ulendo wake ndi wa makilomita 109, kuzungulira mapiri ndi gombe la nyanja mpaka kubwereranso mumzinda. Ambiri mwa opalasawo si akatswiri olipidwa ayi. Ndi aphunzitsi, amakaniko, anamwino, anthu amene Lolemba amalawirira kuntchito. Kutatsala makilomita pafupifupi 15 kuti munthu afike, pali chitunda chotchedwa Suikerbossie, cha makilomita ngati awiri basi. Pamenepo ndi pamene mumaona anyamata adzitho atatsika, akukankha njinga, ena atakhala m'mbali mwa msewu atagwira ntchafu zokokana, uku agogo aimvi akuwadutsa mwachifatse. Mphamvu anyamatawo anali nazo zambiri kuposa agogowo, koma anazimwaza m'njira.

Inu amene mtima wayamba kulakalaka mpikisano, anyamata ndi atsikana omwe, kaya muli ku Cape Town komweko, kaya ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, imvani kwa munthu amene wakhala pachishalo zaka zambiri: mpikisano wa pamsewu umakomera munthu woumira pa mphamvu zake. Zonse zimene muchite pokonzekera, kuyambira kutalika kwa chishalo mpaka nthochi ya m'thumba, cholinga chake n'chakuti mukafike pachitunda chomaliza muli ndi kanthu kotsala m'miyendo.

Musadikire njinga ya mamiliyoni. Ya kaunjika yokhala ndi magiya, mabuleki ogwira ndi matayala abwino ikukwanirani chaka choyamba, bola ikhale ya msinkhu wanu. Ndalama zoyamba zipite ku helimeti, poti m'mipikisano yovomerezeka sakulolani n'komwe kunyamuka mulibe. Kenako gulani kabudula wa njinga, uja wokhala ndi kofewa pokhalira. Amavalidwa wopanda chamkati ndipo amachapidwa tsiku lomwelo, apo ayi zithupsa zikusiyitsani njinga sabata zingapo. Chishalo chiikeni motere: tsamirani khoma, khalani bwinobwino, ikani chidendene pa pedulo imene ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendekeke. Mukabwezera phazi pamalo pake, kuti pedulo ikhale kumunsi kwa zala, bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndipo pamenepo mwapeza. Chishalo chotsika chimapweteketsa bondo chakutsogolo, chokwera kwambiri chimapweteketsa kuseri kwake. Kusintha chubu ndi kutsuka tcheni phunzirani nokha pakhomo, musanakaphunzire mokakamizidwa pathengo dzuwa likuswa mtengo.

Chimene chimagwetsa oyamba kumene ndi kusandutsa tsiku lililonse mpikisano. Akaona wa kabaza patsogolo, mpaka amudutse. Minibasi ikanyamuka pasiteji, mpaka aitsatire. Amafika pakhomo ali wefuwefu n'kumati lero ndagwira ntchito. Ikatha miyezi iwiri, liwiro lili pomwepo, miyendo yangolemera. Ofufuza za masewero, mmodzi mwa iwo Stephen Seiler, ataona mmene akatswiri othamanga, opalasa njinga ndi opalasa mabwato amakonzekerera, anapeza kuti pa maulendo 10 alionse olimbitsa thupi, pafupifupi 8 amakhala ofatsa, awiri okha ndiwo okhetsa thukuta lenileni. Muyeso wa ulendo wofatsa suvuta: ngati mungathe kufotokozera mnzanu nkhani yonse osadukiza kuti mukoke mpweya, liwiro lake ndi limenelo. Zimachititsa manyazi poyamba, makamaka mwana wa sukulu akakudutsani pa njinga ya bambo ake. Musiyeni apite. Maulendo oterewa ndi amene amalimbitsa mtima kuti uzipopa magazi ambiri, amachulukitsa timitsempha ting'onoting'ono m'minofu, ndipo amaphunzitsa thupi kuyendera mafuta ake m'malo mothamangira shuga, amene limasunga wochepa.

Dzipatseni miyezi itatu. Loweruka kapena Lamulungu likhale la ulendo wautali: yambani ndi maola awiri, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka mufike maola anayi. Sabata zitatu muzikweza, yachinayi muzitsitsa kwambiri kuti thupi limeze zimene mwalipatsa. Zolowerani giya yopepuka. Werengani kangati bondo lamanja likukwera pa masekondi 15. Likakwana ka 22 kapena 23, ndiye kuti mapedulo akuzungulira pafupifupi ka 90 pa mphindi, ndipo n'zimene tikufuna. Giya yolemera imaoneka yachamuna, koma imadya ntchafu ndi mawondo, pamene yopepuka imasenzetsa katunduyo mtima ndi mapapo, zimene sizitopa msanga.

Masiku ovuta akhale awiri pa sabata, osapitirira, ndipo asatsatizane. Pezani chitunda chimene mungakwere kwa mphindi 4 kapena 5. Mukatenthetsa thupi kwa mphindi 20, kwerani mwamphamvu moti simungalankhule mawu oposa awiri, tsikani mofatsa, kwereninso, mpaka kanayi. Yang'anani wotchi. Kukwera komaliza kutenge nthawi yofanana ndi koyamba. Kukachedwa kwambiri, ndiye kuti munayamba mwaphuma, ndipo phunziro la tsikulo ndi limenelo. Amene muli ku Malawi muli ndi mwayi wa zitunda zazitali zophunzirira kudzigawira mphamvu: msewu wokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe, Khwekhwerere pochokera ku Golomoti, ndi chitunda cha ku Thabwa pochokera ku Chikwawa. Pa zitunda ngati zimenezi munthu woyamba ndi ukali amadziwika asanafike n'komwe pakati.

Thupi silikula muli panjinga. Limakula usiku mukugona, ndi tsiku lopuma. Gonani maola asanu ndi atatu. M'mawa musanadzuke, gwirani mtsempha wa padzanja n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi. Mukadziwa nambala yanu ya masiku onse, tsiku limene yakwera moonekeratu ndi tsiku lopuma. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine, njinga ikhale m'nyumba mpaka mutachira ndithu, chifukwa kukakamiza mtima uli pankhondo ndi matenda n'koopsa. Ndipo ngati ntchito yanu ndi yoimirira tsiku lonse, kapena yonyamula matumba a simenti, muiwerengere imeneyo. Miyendo siisiyanitsa kutopa kwa kuntchito ndi kwa panjinga.

Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena awiri mukupalasa mwamphamvu. Akatha mumadziwa: miyendo imangoti zii, m'maso mumachita chidima, kachitunda kamene mumakwera tsiku ndi tsiku kamasanduka phiri. Pamenepo kudya kwachedwa kale. Yambani kudya lisanathe ola loyamba, njala isanabwere. Nthochi ziwiri pa ola, kapena nthochi imodzi ndi kachidutswa ka mbatata yophika, kapena buledi wopaka uchi, zimapereka pafupifupi magalamu 50 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu, ndipo n'zokwanira. Madzi muzimwa pang'onopang'ono, botolo la theka la lita pa ola, kuposerapo kukatentha ngati mu Okutobala. M'botolo limodzi thiranimo shuga ndi kamchere ka pansonga ya supuni. Kutulutsa nthochi m'thumba lakumbuyo, kuisenda ndi mano n'kuidya njinga ikuyenda mowongoka ndi luso lofunika kuliyeserera. Mukafika pakhomo idyani msanga: nsima ndi nyemba, usipa kapena mazira. Zakudya za m'mapaketi zokwera mtengo zilibe matsenga ena.

Chimene chimasiyanitsa wopalasa wamphamvu ndi wopikisana ndicho kuyenda m'gulu. Njinga ikathamanga pamalo athyathyathya, mphamvu zanu zambiri zimathera kukankha mpweya. Mukabisala kumbuyo kwa mnzanu, mumapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo, ndipo pakati pa gulu lalikulu mumapulumutsa koposa. N'chifukwa chake munthu wofooka wodziwa kumata tayala la mnzake amafika limodzi ndi chimphona chimene chakhala chikudula mphepo. Lusoli simungaliphunzire muli nokha. Pezani anzanu atatu kapena anayi, muziyenda mondondozana. Poyamba siyani mpata wa tayala lathunthu pakati panu, kenako muziuchepetsa. Maso asakhale pa tayala la mnzanu. Yang'anani kupyola phewa lake kuti muone zimene zikubwera. Tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lake lakumbuyo, chifukwa akangopatuka pang'ono, wogwa ndi inuyo. Mabuleki muziwasisita, osawafinya mwadzidzidzi. Mukakhala kutsogolo, maso a gulu lonse ndinu: lozani dzenje ndi dzanja, fuulani mukaona galu, mbuzi kapena mchenga. Kokani kwa mphindi imodzi pa liwiro lomwe mwalipeza, osaonetsa ukatswiri, kenako patukani, mubwerere kumbuyo n'kumata tayala lomaliza lisanakuthaweni. Kugwiranso gulu mutatsala mamita 20 kumadya mphamvu zambiri kuposa kukhalamo.

Mphepo muidziwe kumene ikuchokera. Ikamawomba kumanzere, bisalani kumbuyo chakumanja kwa mnzanu. Ikamawomba kumanja, chakumanzere. Ku Cape Town mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ndi yoti mu 2017 inalepheretsa mpikisano wonse, anthu akulephera ngakhale kuimirira ndi njinga zawo poyambira. Kwathu nyengo ya mwera imaphunzitsa zomwezo. Pokonzekera, nyamukani molimbana ndi mphepo kuti pobwerera mutatopa izikukankhani. Misewu yathu tikuidziwa: phula lodyeka m'mbali, mathiraki osapatuka. Lawirirani magalimoto asanachuluke, valani zowala, ndipo m'makutu musatsekemo nyimbo.

Sabata yomaliza simungawonjezere mphamvu, koma mungathe kuziwononga. Chepetsani maulendo ndi theka, muzingothamanga pang'ono apa ndi apo kuti miyendo isagone. Njinga ikaonedwe ndi makaniko kudakali masiku angapo, osati madzulo a dzulo lake. Tsiku la mpikisano musayese chatsopano chilichonse, kaya nsapato, chishalo kapena chakumwa chimene mnzanu akuchitama. Idyani phala kapena buledi kutatsala maola atatu. Mbendera ikatsika, gulu limanyamuka ngati mpikisano ndi wa makilomita asanu, ndipo magazi amakuuzani kuti lero ndinu wina. Musawamvere. Mphamvu za tsikulo zili ngati malipiro a pamwezi: wozidya sabata yoyamba, pofika pa 20 amayendera ngongole. Pa Cape Town Cycle Tour chitunda cha Edinburgh Drive chimabwera koyambirira miyendo idakali yatsopano, pamene cha Chapman's Peak chikudikira kutsogolo kwambiri. Kwerani choyambacho ngati munthu wodziwa kuti chachiwiricho chilipo. Yandikirani kutsogolo kwa gulu chitunda chisanayambe, kuti ngakhale ena akudutseni, pofika pamwamba mukhale mudakali m'gulumo. Potsetsereka gwirani mabuleki musanalowe pokhota, osati muli kale pakati pake.

Padzapezeka wina wokunong'onezani za mapilisi ochotsa ululu kapena jekeseni wopatsa mphamvu. Mukaneni. Lance Armstrong anapambana mpikisano wa Tour de France kasanu ndi kawiri, kuyambira 1999 mpaka 2005, koma mu 2012 anamulanda zonse chifukwa cha mankhwala oletsedwa. Tramadol, amene ena amamumwa ngati panado, bungwe loyendetsa masewero a njinga padziko lonse la UCI linamuletsa m'mipikisano mu 2019. Amabweretsa chizungulire ndi tulo, ndipo m'gulu la njinga munthu mmodzi wachizungulire amagwetsa khumi.

Musaganize kuti masewerowa ndi a anthu akutali. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala malaya a katswiri wokwera mapiri mu Tour de France. Mu 2024 mnzake wa dziko lomwelo, Biniam Girmay, anapambana zigawo zitatu za mpikisanowo n'kutenga malaya obiriwira. Mu 2025 mzinda wa Kigali unachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za pamsewu, koyamba mu Africa. Chimene chimawathandiza a ku Eritrea n'chakuti kwawo mipikisano imachitika kawirikawiri, ndipo mwana amakula akupikisana. Inunso lowani timipikisano ting'onoting'ono tonse timene mungatipeze. Ngati kwanu kulibe, gwirizanani ndi anzanu mupime mtunda, muikepo mzere. Pa mpikisano woyamba cholinga chikhale kumaliza muli m'gulu, khungu lonse lili pathupi. Madzulo ake, zisanaiwalike, lembani m'kope zimene munadya ndi nthawi yake, pamene gulu linakusiyani, ndi chimene munkachita mphindi khumi lisanakusiyeni. Kawirikawiri mudzapeza kuti munkakoka kutsogolo popanda wokutumani, kapena nthochi inali idakali m'thumba. Konzani chimodzi chokha mwa zimenezo, kenako lembetsani mpikisano wotsatira.