Poizoni Wouluka ndi Nthunzi ya Akasupe Otentha

Madzi a pa kasupe wotentha, monga wa ku Chiweta kapena wa ku Nkhotakota, achokera pansi patali, ndipo pokwera asungunula zinthu za m'miyala. M'maiko ena madzi otere atuluka ndi arsenic, poizoni uja ankathira m'madibi a ng'ombe kale, ndiponso mercury, madzi onyezimira aja a m'kagalasi koyesera kutentha kwa thupi ku chipatala.

Munthu angayese kuti zinthu zolemera chotere zingotsalira m'madzimo. Sizitero ai. Tizilombo tina tosaoneka ndi maso titenga arsenic ndi kummatika kanthu kochedwa methyl, ndiko carbon mmodzi ndi hydrogen atatu. Akammatika katatu, arsenic uja asanduka mpweya nauluka.

Ichi chinayamba kudziwika m'nyumba za anthu. Cha m'ma 1890 dotolo wa ku Italy, Bartolomeo Gosio, anaona kuti nkhungu ikamera pa mapepala omata ku zipupa, opakidwa utoto wa arsenic, ituluka mpweya wonunkha ngati adyo. Mu 1933 Frederick Challenger wa ku Leeds anazindikira mpweyawo: ndiwo arsenic wa methyl atatu.

Ku Yellowstone, m'dziko la America, kuli malo oposa 10,000 otuluka madzi otentha, matope owira ndi nthunzi. Mu 2006 akatswiri analengeza kuti apeza mpweya womwewo pamwamba pa akasupe a kumeneko. Mu 2009 ena anaonetsa kuti ndere za m'madzi owawasa a komweko zigwira nchito imeneyi. Nderezo zichita ichi podzipulumutsa, pakuti poizoni akauluka wazichoka.

Mercury ndiye asiyana. Iye auluka yekha ndi nthunzi popanda womthandiza, koma akalandira methyl mmodzi akanirira m'thupi la chamoyo. Chirombo chikadya chinzake chitengera poizoniyo, nachuluka. Mwa munthu aononga bongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba.

Aphunzitsi auze ana kuti kutentha kupha tizilombo ta matenda, koma sikuchotsa arsenic. Kuwiritsa madzi otere kungoonjeza mphamvu ya poizoni wotsala mumphika. M'Malawi muno chimene chapezeka chochuluka m'akasupe ambiri otentha ndicho fluoride, amene adetsa mano a ana. Mudzi wotunga madzi akumwa pa kasupe wotere upemphe a zaumoyo kuti awayese.