Mkodzo waonetsa chamba, chonsecho sindisuta

FUNSO: Adokotala, ndimakhala ku Luangwa Boma ndipo ndimayendetsa boti la alendo pa Zambezi. Sabata yatha anatiyeza mkodzo kuntchito. Kapu yanga inaonetsa chamba, pomwe fodya wamkuluyu sindinamulawepo chibadwire. Abwana andiimitsa kaye ntchito. Ndimamwa ma ARV, koma sindifuna kuti iwo adziwe. Nditani?
Woyendetsa boti, Luangwa Boma

YANKHO: Bambo, mtima m'malo. Zotsatira za kapu ija sizokwanira kuchotsera munthu ntchito. Kapuyo ili ngati ukonde, umene umakola nsomba ndi zinyalala zomwe. Mankhwala ena akuchipatala amaisokoneza: efavirenz, amene ali m'ma ARV ena, amatha kuonetsa chamba, ndipo rifampicin wa TB amatha kuoneka ngati mankhwala a gulu la heroin.

N'chifukwa chake zotsatira zotere ziyenera kudzera kwa dokotala abwana asanagamule. Dokotalayo amakhala nanu awiriwiri, n'kuona khadi lanu lakuchipatala ndi mabotolo a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale achifuwa ogula kusitolo, pakuti mwa ena muli codeine. Amafufuzanso ngati kapu inalembedwa dzina lanu ndi kumatidwa inu mukuona. Kenako amapempha kuti mkodzo womwewo ukayezedwenso ku labotale ndi makina a GC-MS, amene amasiyanitsa chamba ndi efavirenz. Kwa abwana amangonena ngati muli oyenera kugwira ntchito kapena ayi. Za matenda anu ndi chinsinsi, saloledwa kuulula popanda chilolezo chanu.

Musachedwe. Lembani kalata yopempha kuti mkodzowo usungidwe ndi kuyezedwanso, ndipo sungani kope lake. Pitani kumene mumalandira mankhwala, kaya pachipatala cha pa Boma kapena ku Katondwe, akaone ngati mukumwadi efavirenz, chifukwa ambiri m'Zambia anawasinthira ku dolutegravir. Ngati mankhwalawo amakuchititsani chizungulire, nenani mosabisa: m'boti mumanyamula miyoyo ya anthu.

Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limaletsa kuchotsa munthu ntchito pa mlandu asanapatsidwe mpata wonena mbali yake. Abwana akakana, kadandauleni ku ofesi ya zantchito.

Chonde musasiye kumwa ma ARV pofuna kuti mkodzo uyere. Cholakwika cha kapu labotale idzachikonza, koma mukadukiza mankhwala kachilombo kadzayambanso kuchulukana m'thupi.