Phunziro: Mmene Mbatatesi Imalimbanirana ndi Ciwawu

Kuno ku Nkwali ambiri sitibzala mbatatesi cifukwa cigwa ca Luangwa n'cotentha. Mbewu imeneyi imakonda kumtunda kozizira monga ku Dedza ndi ku Angonia. Koma matimati a m'madimba mwathu ndi abale ake, ndipo ciwawu coopsa ca mbewu ziwirizi n'cimodzi. Tsono phunziroli ndi lathu ndithu.

Ciwawuci cimabwera ndi kacilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Phytophthora infestans. Kuyambira 1845 kanaoletsa mbatatesi ku Ireland, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda.

Kodi comera cimangoima cete pamene mdani wafika? Iai. Kacilomboka kakayamba kuboola tsamba, comera cimakhwimitsa khungu pamalo omwewo, monga mai amene amamata mng'alu wa cikuta. Kakalowabe, comera cimacita cinthu codabwitsa: cimapha cokha tizigawo take tocepa tozungulira mdaniyo. Poyamba penipeni kacilomboka kamadya zamoyo zokha, conco kamatsekeredwa pakadontho kakuda n'kufa ndi njala. N'cimodzimodzi ndi kulambula ndi kutentha udzu mozungulira munda kuti moto wolusa usalowe.

Pamwamba pa izi, comera cimapanga mankhwala akeake. Mu 1940 Müller ndi Börger a ku Germany anaika ciwawu cofooka pa mbatatesi yodula, ndipo pambuyo pake ciwawu camphamvu cinalephera kumera pamalopo. Mu 1968 akatswiri a ku Japan anapeza amodzi mwa mankhwalawo, otchedwa rishitin.

Nanga bwanji minda imapsabe? Nkhani yagona pa liwiro. Mtundu umene umazindikira mdani msanga umapulumuka. Wocedwa umathera m'masiku ocepa. Akatswiri anatenga mphamvu yozindikirayi ku mbatatesi yakuthengo ya ku Mexico, Solanum demissum, koma kacilomboka kanasintha maonekedwe n'kuyambanso kulowa mosadziwika.

Apa ndi pamene ife tingathandize. Kacilomboka sikakonda kutentha kwa Okutobala, koma m'mawa wa mame mu Juni ndi Julai kamapeza mpata. Thirirani pansi pa tsinde, osati pamasamba, makamaka madzulo. Bzalani motalikirana kuti mphepo iumitse masamba. Masamba odwala acotseni ndi kuwakwirira kutali. Mankhwala opopera monga mancozeb amatchinga matenda asanalowe, sacilitsa comera cimene cagwidwa kale. Kupopera mocedwa n'kutaya ndalama.

Cina cokhudza kukhichini: mbatatesi ili ndi poizoni wake wodzitetezera, solanine, amene amaculuka ikakhala padzuwa n'kubiriwira kapena ikayamba kuphuka. Kuphika sikumucotsa. Sendani mozama mbali yobiriwirayo, ndipo ngati ikuwawa pakamwa itayeni, musapatse ana.