Alamu anga akukolola, ine ayi

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, wa m'dera la Mfumu Kawaza kuno ku Katete. Munda wanga ndi wa alamu anga inachita malire, ndipo fataleza wa FISP timalandira wofanana. Koma pa chilala cha 2024 iwo anapatako matumba angapo, ine chimanjamanja, ndipo chaka chino andiposanso. Anthu akundinong'oneza kuti ali ndi mfumba. Moni ndinasiya kuwapatsa. Kodi ndikadandaule kwa amfumu?

Wosweka mtima, Katete

Mwana wanga,

Kwa amfumu usapiteko. Kuno ku Zambia kutchula munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la Witchcraft Act, ndipo woima m'khoti udzakhala iweyo. Chinanso, kalata yako yanena za fataleza ndi za manong'onong'o, koma tsiku limene unabzala sunalitchule. Pamenepo ndi pomwe ndikukukayikira.

Chilala chija chinali chenicheni, mpaka pa 29 February 2024 a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Komabe minda iwiri yoyandikana imayamba kusiyana kale m'chilimwe, kumwamba kulibe ndi mtambo womwe. Wochita ulimi wa maenje wa gamphani satentha mapesi. Amakumba maenje nthaka isanaumitse, akuya masentimita ngati 20, mizere yotalikirana masentimita 90, n'kuthiramo manyowa. Mvula yobzalira ikangogwa, iye mawa lake mbewu ili pansi, ndipo timadzi tochepato timakhazikika m'dzenje osathamangira kudambo. Mnzake nthawiyo ndi pamene akupita kukapempha ng'ombe ndi pulawo, n'kudikira milungu iwiri kuti eni ake amalize kwawo. Mu August ambirife mtima umakhala ku Mkaika, tikusoketsa zovala za mwambo wa Kulamba. Sindikuletsa, inenso ndimapita, koma kaone ngati maenje a alamu ako sakhala atatha kale pofika tsikulo.

Tsono dzifunse wekha, popanda womvera. Kodi umapalira udzu ukadali waung'ono, kapena utafika m'mawondo? Thumba lija la Urea linafika lonse kumunda, kapena theka linagulitsidwa pa Katete Stores sukulu zitatsegulira? Ngati ndi choncho sindikuseka, umphawi umachititsa zimenezo, koma usazitche mfumba.

Chovuta kwambiri kwa iwe si khasu ayi, ndi kutsitsa mtima n'kukafunsa kwa munthu amene wakhala ukumunena. Safunsa anadya phula. Yamba ndi moni. Kenako uwapemphe kuti ukawathandize ntchito tsiku limodzi m'munda mwawo, maso ali pa manja awo. Zimene sunamvetse ukafunse alangizi a zaulimi a ku kampu yanu, salipiritsa.

Chaka chino yesa gamphani pa theka la lima lokha, kwinako ulime monga mwa masiku onse. Ukakolola undilemberenso, undiuze mbali imene yatulutsa matumba ambiri.

Ndine Azakhali ako